Makutu a Che Umaru

Hamida anali kuunjika tomato patebulo lake la pageti, ku Mambo, pamene mayi wina anaima patsogolo pake atakumbatira thumba la saka. Unali mwezi wa Julaye, mphepo ya ku Gweru ikuluma zala, ndipo Hamida anali atavala juzi ziwiri pansi pa mpango wake.

"Mangwanani, mhamha. Ndimi Mai Nuru here?" anafunsa m'Chishona.

"Ndini. Tomato kapena anyezi?"

Mayiyo anapukusa mutu. Anali wa zaka za m'ma makumi anayi, manja ake akuda ndi utsi wa nkhuni. Anayamba kulankhula Chichewa, koma chinkamutuluka movutikira, chikutsamira pa Chishona.

"Ine ndine Bernadetta, ndachokera ku Connemara. Ndikufuna mwana wa Che Umaru a ku Torwood, aja ankagadzira mabanjo."

Hamida anaima ndi tomato m'manja. Bambo ake anamwalira mu 1996, ndipo panali patapita zaka zambiri asanamve munthu wachilendo akutchula dzina lawo. Anatulutsa benchi, nakhazika mlendoyo padzuwa.

Bernadetta anamasula thumba lija. Munatuluka banjo yokalamba, thupi lake la sefuliya yodulidwa pansi, chikopa chitang'ambika pakati, khosi likugwedera ngati dzino. Pa zikhomo zinayi zokungira nsambo panatsala chimodzi.

"Ndi ya ababa anga, a Mose," anatero. "Anaigula kwa abambo anu mu seventy-nine. Tsopano akalamba, makumbo akutupa, akuti akufuna kudzokera ku Ntcheu mvula isanagwe. Koma akukana kukwera bhazi banjo ili chonchi. Akuti sangakafike kwawo chimanjamanja ngati munthu amene sanakhaleko ku Joni kapena kuno."

Hamida anaitenga m'manja. Anatembenuza banjoyo nayang'ana kumutu kwake, pamwamba pa zikhomo. Pamenepo panali timaenje ting'onoting'ono tambiri, tondondozana ngati uta. Anayendetsapo chala chachikulu. Anali mano a bambo ake.

Che Umaru anabwera kuno kuchokera ku Namwera ali mnyamata. Anagwira jekihamala yoboolera miyala pansi pa mgodi wa golide zaka khumi ndi zinayi, kenako anapeza ntchito kufakitale ya zitsulo, napatsidwa nyumba ku Torwood. Pofika nthawi imeneyo makutu anali atayamba kale kutseka. Hamida akuyamba sukulu, bambo ake ankamva munthu akakuwa pafupi ndi khutu lakumanja. Pamene ankafika giredi faifi, ngakhale huta wa kufakitale, amene ankadzutsa lokeshoni yonse, iwo ankangomumva m'chifuwa.

Koma manja awo sanagonthe. Akaweruka masana, atasamba n'kuswali, ankakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba, bokosi la zida lili pambali. Thupi la banjo ankapanga ndi sefuliya zobooka zimene amayi a mulokeshoni ankataya. Khosi linali la mlombwa, umene kuno amati mukwa. Nsambo ankasomola ku waya wa mabuleki a njinga. Akamaliza ankaluma banjoyo kumutu, n'kukhwacha nsambo imodzi, maso ali otseka, kuti kulira kwake kudutse m'mano kukafika m'mutu. Mwa njira imeneyi ankadziwa ngati thupi likuyankha kapena ndi lakufa. Chimene mano sankatha kuwauza ndicho chakuti nsamboyo yakwera kapena yatsika bwanji. Apa m'pamene ankaitana Hamida.

Anamuphunzitsa mawu anayi. Ankawaimba kukhosi, milomo yotseka, limodzi pambuyo pa linzake, kuyambira lokhuthala kukafika lowonda. Hamida anawasunga m'mutu. Tsiku lomaliza banjo iye ankakhala pa ndowa yovundikira, bambo ake akupotokola chikhomo, maso awo ali pa dzanja lake. Akaloza kumwamba, ankakunga. Akaloza pansi, ankamasula. Akaomba m'manja kamodzi, ankasiya. Ogula akabwera Lamlungu, Che Umaru ankamuloza ndi chibwano n'kunena ndi mawu awo okweza a munthu wosadzimva: "Awa ndiwo makutu anga."

"Mhamha?" Bernadetta anaitana chapansipansi.

Hamida anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Mwana wanga, wayenda ulendo wachabe. Ine sindinagwirepo tchizulo chibadwire. Ntchito yanga inali kumvetsera basi. Ngakhale kuyimba kumene sindidziwa, amayi sankalola. Ankati mwana wamkazi wa Chisilamu akagwira banjo mawa mum'peza kubhawa."

"Ndinamboyenda nayo kwa makalipentala a ku Kwekwe, awiri. Wina anati pulasitiki ndiyo ingachite. Ababa atamva za pulasitiki sanadye sadza tsiku lonse."

Hamida anaseka ngakhale sankafuna.

"Ndiisiya pano," anatero Bernadetta akuimirira. "Ndikabwerera nayo ndiye kuti ndawauza kuti zatha. Ikakhala kuno, ndikawauza kuti iri kugadzirwa."

Anasiya nambala ya foni pa kapepala ka shuga, nathamangira kombi, poti masana amaphikira sadza makorokoza, anyamata okumba golide paokha kumigodi.

Banjo inakhala masiku atatu pamwamba pa wadirobu. Hamida ankakhala yekha chimwalirire mwamuna wake, mwana wake Nuru ali ku Polokwane, choncho panalibe womufunsa chimene ankaiyang'anira nthawi zonse akalowa kuchipinda. Tsiku lachinayi anasiyira mnansi wake tebulo la tomato, nakulunga banjo m'chitenje, nakwera kombi ya ku Kwekwe. Kumeneko anasintha, nakwera ya ku Torwood.

Kombi itakhota kulowa mulokeshoni, anaona machumuni a fakitale ataima duu, opanda utsi, monga akhala akuimira zaka zonsezi. Kale fumbi lofiira linkatera pa zovala zoyanikidwa, amayi n'kumadandaula tsiku ndi tsiku. Tsopano mpweya unali woyera, ndipo Hamida anadabwa kuona kuti akulisowa fumbilo. Njanji imene ankadumpha popita kumadrasa inali itamera udzu. Pabwalo pamene matimu a mafakitale ankamenyera mpira, wina anali atalimapo chimanga, mapesi ake ouma akadali chiimire.

Mlongo wake Ismail, womutsatira, ankakhalabe m'nyumba ya makolo awo. Anali fita, wokonza makina, kufakitale mpaka tsiku limene moto unazima. Tsopano ankawotcherera mafelemu a zitseko magetsi akabwera, akapanda kubwera ankakhala. Awiriwa sanayambanepo, koma ankaonana pamaliro ndi pa Idi basi, ndipo Idi ya chaka chino Hamida sanabwere.

Anam'peza panja akumwa tiyi m'kapu ya chitsulo.

"Salaam aleikum, achimwene."

"Waleikum salaam. Achemwali, kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira. Kodi munthu sangabwere kwawo?"

Anamasula chitenje naika banjo pamiyendo pa mlongo wakeyo. Ismail anaika kapu pansi. Sanayang'ane kumutu kwake monga anachitira Hamida. Iye anaitembenuza chagada nayang'ana pamene khosi limalowa m'sefuliya.

"Bawuti iyi ndinamanga ndine," anatero patapita kanthawi. "Onani wochala wake. Ndinadula pa chitini cha nsomba. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi."

Hamida anafotokoza za Bernadetta ndi bambo ake. Ismail anamvetsera akukanda ndevu zake zaimvi.

"Ine ndi munthu wa zitsulo," anatero. "Chikopa sindinakungepo ndekha. Ndinkangogwirira ababa akukhoma."

"Bokosi lawo lilipo?"

"Lili pansi pa bedi. Mai Progress akhala akundiuza kuti ndiligulitse kwa a sikirapu." Mai Progress anali mkazi wake, Mshona wa ku Zhombe, amene masiku amenewo anali kumudzi kokolola mtedza.

Analitulutsa onse awiri, aliyense atagwira mbali yake. Linali bokosi la matabwa lija bambo awo anachoka nalo kumgodi, chivundikiro chili ndi nambala yawo ya ntchito yolembedwa ndi penti yofiira. Atalitsekula munatuluka fungo la girisi wakale ndi utuchi, ndipo Hamida anakhala pansi pasimenti pomwepo. Munali tupa ziwiri, tchizulo zitatu zokulungidwa m'sokisi, kampeni kopindika kopalira zikopa, chiboolero cha pamanja, ndi chitini cha fodya chodzaza timisomali. Pansi penipeni panali tizidutswa ta mlombwa todulidwa kale, tokwanira zikhomo khumi, tikudikira banjo imene sinapangidwe.

Chikopa chinalipo. Ismail anali atapha mbuzi pa Idi, chikopa n'kuchithira mchere, n'kuchiponya padenga la khola la nkhuku osadziwa chochita nacho. Anachiviika m'beseni la madzi a phulusa, ndipo Hamida anagona ku Torwood kudikira kuti ubweya ufewe.

Anakhalako masiku asanu. M'mawa uliwonse, dzuwa likafika kuseri kwa nyumba, ankatulutsa bokosi. Mtengo wa mapichesi unadulidwa kalekale, koma chitsa chake chinalipo, ndipo Ismail ankachigwiritsa ntchito ngati tebulo. Iye anawongola khosi, nalimanga ndi bawuti yomwe ija. Timawaya tina topingasa pakhosi, pamene zala zimaponda, tinali titagwa, ndipo anadula tatsopano pa sipoko ya njinga. Hamida anapala ubweya ndi kampeni kaja mpaka manja ananunkha mbuzi ngakhale atasamba ndi sopo katatu.

Pokunga chikopa panavuta. Chimafunika kukokedwa chili chonyowa, wina akukhoma timisomali pa mkombero wa thabwa. Ismail anakoka ndi pulayazi monga amakokera waya wa mpanda, ndipo chikopa chinangoti pwaa, kung'ambika kuyambira m'mphepete.

"Mwaona!" anakuwa, naponya pulayazi m'mapesi. "Ndinanena ine. Izi zinapita ndi mwini wake."

Ismail anakhala pa njerwa. Nkhuku inabwera kudzajompha chikopa, Hamida naiingitsa.

"Ababa sankakoka ndi chitsulo," anatero Hamida. "Ankakoka ndi zala, pang'onopang'ono, uku kenako uko, ngati munthu akuyala bedi. Ndinkawaona."

"Inu munkaona zonse. Munali ndi mpando wanu." Ismail sanamuyang'ane. "Ine ankandipatsa tupa n'kundilozera thabwa. Masabata atatu ndikukhwekhwereza, zala zikutuluka matuza. Ikatha banjo, anthu abwera, ndimve: awa ndiwo makutu anga. Za manja sankanena."

Hamida anam'yang'ana mlongo wake, mwamuna wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, wa zidzukulu zitatu, atakhala pa njerwa milomo ili tolotolo ngati mwana wolandidwa chigumu.

"Ine tupayo ndinkaisirira," anatero. "Tsiku lina ndinaitenga mobisa, ndinapala chikhomo chimodzi mpaka chinatsala ngati chotokosera m'mano. Ababa anakukalipirani inu."

"Munali inu?"

"Ndinali ine."

"Zaka zonsezi! Anandimana mpira Loweruka lonse chifukwa cha chikhomo chimenecho."

"Pepani, achimwene."

Ismail anapukusa mutu, kenako anayamba kuseka, kuseka kwa m'mimba kumene Hamida anali asanakumve chichokere pa ukwati wa Nuru. Anadzuka nakatola pulayazi m'mapesi, naibweza m'bokosi lake la zowotcherera.

Mbali ya kukhosi kwa chikopa inali yotsala, yokwanira ndendende. Ulendo uno anakoka Hamida ndi zala, Ismail akukhoma. Anaiika pamthunzi masiku awiri. Chitauma, Ismail anachigogoda ndi chikhadabo ndipo chinayankha kuti ng'o, mowuma, ngati kang'oma.

Waya wa mabuleki anakapempha kwa wokonza njinga pamashopu. Anausomola ulusi umodziumodzi, nasankha inayi. Ismail atamaliza kumanga, anakhala banjo ili pamiyendo, dzanja lili pachikhomo, akuyang'ana mlongo wake. Hamida anatseka milomo. Ankaopa kuti mawu aja anathawa, poti panali patadutsa zaka makumi atatu ndi kuposa. Koma anatuluka okha, onse anayi, limodzi pambuyo pa linzake, ndi kunjenjemera komwe kuja kwa kukhosi kwa bambo awo. Ismail anayang'ana kumbali. Awiriwo anachuna nsambo zonse zinayi.

Loweruka anapita nayo ku Connemara. Anatsika kombi pamsewu waukulu, Bernadetta nawalandira, nawatsogolera m'kanjira kodutsa pakati pa maenje a makorokoza ndi milu ya dothi loyera. Chigayo cha miyala chinkagunda chapatali. Nyumba zake zinali za komboni yakale ya mgodi umene unatsekedwa, mizere iwiri, malata ake atapsa ndi dzimbiri.

A Mose anali atakhala pa mpando wa matayala, atatsamira khoma lowomba dzuwa, miyendo yotupa ili m'bulangeti. Anali aatali, owonda, ndi chipewa cha ulusi chofika m'makutu. Hamida anagwada powapatsa moni, Ismail nagwira dzanja lawo ndi manja awiri.

"Ana a Umaru," anatero nkhalambayo, akuyang'ana wina kenako wina. Chichewa chawo chinali cha Chingoni, chosasungunuka ngakhale pang'ono. "Iwe ndiwe kamtsikana ka pa ndowa kaja. Ndipo iwe ndiwe unkatuluka mamina uja."

"Ndine ndemwe, agogo," anatero Ismail.

Anaika banjo m'manja mwawo. A Mose anaisisita chikopa, naiyang'ana khosi ndi diso limodzi ngati mfuti. "Mushe," anaiyamikira m'Chilapalapa cha kumgodi. "Mushe sterek." Kenako anakhwacha nsambo zonse zinayi ndi chala chachikulu, namwetulira, nagwira chikhomo chachiwiri n'kuyamba kuchipotokola.

Hamida anadzidzimuka. "Agogo, yachunidwa kale. Ndachuna ndine, monga momwe ababa ankafunira."

"Ndamva, mwana wanga. Ndi momwemo ndithu, sunaphonye olo pang'ono. N'chifukwa chake ndikusintha." Anatsitsa yachiwiri, nakweza yachitatu, khutu lili pafupi ndi chikopa. "Tonse tinkatero. Ine, Jailosi wa kumgodi wa Globe, anyamata aja a bandi ya kuholo. Tikagula, tinkayenda mpaka kudutsa njanji, n'kukhala pansi n'kuchuna bwino."

"Kuchuna bwino?"

"Kachunidwe kako kanali kokoma kukamva, koma panalibe nyimbo imene inkalowamo. Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Bambo ako mawu anayi aja anawadziwa bwino akadali ndi makutu. Koma munthu akasiya kudzimva, mawu amasokera, iye osadziwa. Pamene ankakuphunzitsa, awiri apakati anali atachoka kale pamalo pake."

Hamida anamva nkhope ikutentha. Anakumbukira momwe ankakhalira pa ndowa paja, msana uli chilili, akuomba m'manja ngati mwini fakitale, amuna akuluakulu akugwedeza mitu. Ismail anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Ndiye palibe amene ananena?" anafunsa Hamida. "Zaka zonse zija?"

"Tikanauza yani? Umaru? Munthu wopanga chinthu chimene sadzachimva, n'kumuuza kuti mawu ake apotoka?" A Mose anapukusa mutu. "Kapena iwe, kamwana kakuyetsemula ndi kunyada? Aziko ndaba, palibe mlandu, tinkatero. Banjo zake zinali zabwino kuposa za m'sitolo. Kupotokola zikhomo ziwiri si ntchito."

"Iwo sanadziwe mpaka kumwalira?"

"Sindikudziwa. Tsiku lina anandipeza ndikuyimba paukwati ku Amaveni. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana zala zanga. Kenako anagwira banjo kumutu ndikuyimba, kuti amve m'dzanja. Atachotsa dzanja anandiyang'ana, n'kundigulira kokakola. Sananene kanthu. Umaru sanali wopusa."

Bernadetta anabweretsa tiyi ndi mbatata. Hamida anagwira kapu ndi manja awiri, osamwa. Ankafuna kukwiya, koma sankapeza womukwiyira. M'malo mwake ankaona amuna aja, atavala masuti awo a Lamlungu, atakhala m'mbali mwa njanji kuseri kwa tchire, akuchuna mobisa kuti gontha ndi mwana wake asachite manyazi. Ambiri a iwo anali atagona kale kumanda a ku Torwood ndi ku Amaveni, kutali ndi kwawo. Misozi inagwera m'tiyi.

"Achemwali," anatero Ismail, kuseka kutamuthera.

"Ndisiyeni. Sindikulira zoipa."

A Mose anamaliza kuchuna nakhazika banjo bwino pamimba. Dzanja lamanja linayamba kukhwacha, likudumpha mopepuka ngati la mnyamata. Koma lamanzere litafika pakhosi, zala zinakana kupinda. Mfundo zake zinali zotupa ndi nyamakazi. Anayesa kuponda nsambo, inalira mogontha. Anayesanso. Kenako anasiya, nayang'ana zala zawozo ngati za munthu wina.

"Ndinkadziwa," anatero chapansipansi. "Ndimangoti mwina ikabwera zikumbuka."

Bernadetta analowa m'nyumba ngati waiwala kanthu.

"Bwera kuno, iwe," anatero a Mose kwa Hamida. "Khala kumanzere kwangaku. Ndibwereke zala."

"Agogo, ine sindinayimbepo."

"Sindinakufunse zimenezo. Sendera."

Hamida anakoka kampando nakhala phewa ndi phewa ndi nkhalambayo. A Mose anatenga chala chake cholozera nachiika pa nsambo yachiwiri, chapakati nachiika pa yachitatu. "Kanikiza. Osati pa kawayapo, kumbuyo kwake. Limbikitsa, si tomato ameneyu." Waya unamucheka m'nsonga za zala. A Mose anakhwacha, ndipo m'chikopa munatuluka mawu odzaza, ogwirizana, amene anamuyenda Hamida m'mkono mpaka m'chigongono.

"Tsopano ndikati chotsa, uchotse zonse. Ndikati bwezera, ubwezere. Ndi zokhazo. Nyimbo iyi ili ndi nyumba ziwiri basi."

Anayamba. Poyamba Hamida ankachedwa, a Mose n'kumamugunda ndi bondo. Pa ulendo wachinayi zala zinayamba kumva zokha pofunika kusintha. A Mose anatsegula pakamwa nayimba ndi mawu osasa, nyimbo imene anati anaipeka okha mu 1981, ya mnyamata wolembera kalata amayi ake kuti asagulitse njinga yake poti Khirisimasi ikubwerayi afika. Inali ndi mavesi ambiri, Khirisimasi iliyonse ndi chifukwa chake cholepherera. Amayi awiri a mzere winawo anabwera kudzaima pampanda. Mnyamata wa chikorokoza, thupi lonse lili mbuu ndi dothi, anatulutsa foni nayamba kujambula. Ismail ankamenya kapu ndi supuni.

Atamaliza, nsonga za zala za Hamida zinali ndi mizere yofiira.

"Ubwerenso Loweruka," anatero a Mose. "Bhazi langa ndi la mu Seputembala. Nyumba yachitatu sindinakuphunzitse."

Hamida anabwereranso Loweruka lililonse, kasanu ndi kawiri. Ankatseka tebulo la tomato m'mawa, n'kukwera kombi, mahwindi oitanira anthu m'makombi mpaka anamuzolowera n'kumamuitana kuti "mhamha vekuConnemara." Loweruka lachitatu a Mose anamupatsa banjo yonse kuti agwire yekha, iwo n'kumangoimba ndi kukalipa. Dzanja lamanja linamuvuta kuposa lamanzere. Anaphunzira nyimbo zitatu ndi theka. Yachinayiyo a Mose anaiwala mathero ake, ndipo anakangana ndi mwana wawo tsiku lonse, Bernadetta akuti amaimba mwakuti, iwo akuti iye anali asanabadwe. Mayi wina wa kumzikiti wa ku Mambo atamva, anafunsa Hamida ngati n'zoona kuti wayamba zamabandi ndi imvi kumutu. Hamida anati n'zoona, namufunsa ngati akufuna tomato wa dola kapena wa fifite.

Ananyamuka pa 16 Seputembala. Hamida ndi Ismail anakawaperekeza ku Kwekwe, kumene anakwera basi ya ku Harare kuti akapeze ya ku Malawi. A Mose anakana kuti banjo ipite m'buti. Anakhala nayo pampando, yokulungidwa m'bulangeti, mutu wake ukusuzumira pawindo.

Patatha sabata ziwiri foni ya Hamida inalira ali kutsuka mbale. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa Bernadetta. Anati anafika bwino ku Ntcheu, ngakhale pamalire a Nyamapanda anakhala maola asanu ndi limodzi. Pa anthu a msinkhu wa bambo ake anapezako mmodzi yekha, msuweni wawo wamkazi wosaona, amene anawazindikira ndi chifuwa chawo. Nyumba ya makolo inagwa kale, pamalopo pali tchalitchi. Koma mdzukulu wa msuweniyo, mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale, amadziwa gitala, ndipo banjo waigwira tsiku lomwelo. Kumbuyo kwa mawu a Bernadetta inkamveka ikulira, mothamanga, ndipo pamwamba pake mawu osasa akukuwa: "Pang'onopang'ono, iwe! Ukuthamangira kuti?"

Hamida anaumvetsera katatu, kenako anautumiza kwa Nuru ndi kwa Ismail.

Ismail anayimba foni madzulo ake, dzuwa lisanalowe.

"Achemwali, Mai Progress abwera ndi sefuliya yobooka kuchokera ku Zhombe. Ndaidula kale. Koma mukwa wa khosi ndausowa, onse akugulitsa paini."

"Paini amapindika."

"Ndikudziwa kuti amapindika, mukundiuza ine? Pali chitseko chakale cha kabati ya amayi, chija chili m'khola. Ndikuganiza kuti ndi mukwa."

"Kabati ya amayi? Akanamva kuti mukupangira ine banjo ndi kabati yawo!"

"Ndiye ndileke?"

Hamida anayang'ana nsonga za zala zake, zimene tsopano zinali zitauma ngati za mlimi.

"Musadule ndisanafike," anatero. "Ndibwera Lachisanu tikaweruka kumzikiti. Muuze Mai Progress asavutike ndi ndiwo, ndibwera ndi nkhuku."